Kusankha dikoda yojambula yosalipira pamwezi: zoyenera kudziwa banja likasiya DStv

KADOMA, Zimbabwe – M'matauni a Kadoma ndi Chegutu, m'chigawo cha Mashonaland West, madishi a setilaiti ali pa nyumba zambiri, kuyambira ku Rimuka ndi ku Eiffel Flats mpaka ku Pfupajena. Komatu si dishi iliyonse imene ikadalipiridwa. Ndalama zikavuta, kanema wolipira pamwezi amakhala m'gulu la zinthu zoyamba kusiyidwa, ndipo dishi ndi chingwe chake zimatsala pakhoma.

Apa m'pamene banja limafunsa ngati pali dikoda yogula kamodzi kokha, yoonetsa mapulogalamu popanda malipiro ena, komanso yotha kujambula monga inkachitira yakale ija. Madikoda otere alipo ndithu. Koma chimene chimachititsa kuti wogula akhutire kapena adandaule si bokosilo ayi. Nkhani yagona pa matchanelo amene ali otsekula mumlengalenga, setilaiti imene ikuwanyamula, ndiponso amene ali ndi mphamvu yowatseka. Wogula wanzeru amayamba wafufuza zimenezi, dikoda n'kubwera pomaliza.

Chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika kuno

Kadoma, yomwe inkatchedwa Gatooma mpaka 1982, ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku Harare pa msewu wopita ku Bulawayo. Chegutu, yomwe kale inali Hartley, ili pa msewu womwewo chakufupi ndi Harare. M'nthawi ya atsamunda, migodi ya golide monga Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi Dalny ku Chakari, pamodzi ndi mafamu a m'derali, inakoka anthu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Zidzukulu zawo zikadalipo, ndipo Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zimene malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amazivomereza.

Kampani ya MultiChoice inayambitsa DStv m'chaka cha 1995, ndipo ku Zimbabwe mitengo yake yakhala ikuwerengedwa m'madola a ku America. Madolawo atayamba kusowa m'mabanki cha m'ma 2016 ndi 2017, mabanki ena analetsa kapena kuchepetsa kulipira DStv kudzera mwa iwo. Ndalama ya dzikolo yasinthanso kangapo, ndipo ya ZiG inayamba mu Epulo 2024. Kwa banja lodalira ganyu, geni kapena kukumba golide pamanja, ngongole yobwera mwezi uliwonse ndi katundu wolemera kuposa kugula chinthu kamodzi.

Phunziro la chaka cha 2013

M'zaka za m'ma 2000, mabanja ambiri ku Zimbabwe, Botswana, Zambia ndi Malawi anagula madikoda otsika mtengo a Wiztech, Philibao ndi Fortec Star. Madikodawa ankaonetsa SABC 1, SABC 2, SABC 3 komanso e.tv za ku South Africa popanda kulipira, ndipo anthu ankawatcha aulere.

Zoona zake n'zakuti matchanelowo sanali otsekula kwa aliyense. Kampani ya boma la South Africa ya Sentech inkawatumiza pa setilaiti kuti afike kumadera akutali a dziko lomwelo, koma loko wake anali wofooka moti madikodawa ankamutsekula mosavuta. Wailesi ya kanema ya eBotswana inakasuma, ponena kuti ikulandidwa oonera ndi otsatsa malonda. M'chaka cha 2012 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linalamula Sentech kuti itseke mpatawo, ndipo pakati pa chaka cha 2013 matchanelo a SABC anazima pa madikodawa, kutatsala milungu yochepa kuti Zimbabwe ichite chisankho cha pa 31 Julaye.

Madikodawo sanawonongeke. Ankayakabe, koma chimene anthu anawagulira chinali chitapita, ndipo kunatsala makamaka matchanelo a mipingo. Wailesi ya 1st TV, yomwe inayamba kuulutsira anthu a ku Zimbabwe kuchokera kunja mu Julaye chaka chomwecho kudzera pa madikodawa, nayo sinakhalitse.

Zofanana ndi zimenezi zinachitikanso ndi Kwesé TV ya kampani ya Econet Media. Itasiya kuulutsa pa setilaiti m'chaka cha 2019, amene anagula madikoda ake anatsala ndi mabokosi opanda ntchito.

Mitundu itatu ya "zaulere"

Ogulitsa amagwiritsa ntchito mawu akuti "zaulere" ponena zinthu zitatu zosiyana, ndipo wogula ayenera kuzisiyanitsa.

Mtundu woyamba ndi wa matchanelo otsekula enieni, amene pa mabokosi amalembedwa kuti FTA. Eni ake amawaulutsa opanda loko mwadala, ndipo dikoda iliyonse yoyenera imawalandira. Kum'mwera kwa Africa ambiri mwa matchanelowa ndi a mipingo, ena ndi a nkhani za m'mayiko akunja, ndipo ena ndi a maboma. Mndandanda wake umasintha kawirikawiri, chifukwa tchanelo chimatha kusamukira pa setilaiti ina kapena kutsekedwa popanda chidziwitso.

Mtundu wachiwiri ndi wa matchanelo okhala ndi loko koma osalipiritsa pamwezi. Chitsanzo chodziwika ndi Openview, yomwe inayamba mu Okutobala 2013 pansi pa eni ake a e.tv. Munthu amagula dikoda ya kampaniyo, kampaniyo n'kuitsekulira. Chilolezo cha Openview ndi cha m'dziko la South Africa, ngakhale kuti madikoda ake amawoloka malire n'kumagulitsidwa m'misika ya ku Zimbabwe. Wogula dikoda yotere ku Kadoma adziwe kuti kiyi ali m'manja mwa kampaniyo, ndipo ikadzatseka sadzakhala ndi kokadandaula.

Mtundu wachitatu ndi wa madikoda othyola loko wa matchanelo olipira, nthawi zambiri kudzera pa intaneti. Wogulitsa akalonjeza mpira wa ligi yaikulu ya ku England kwaulere, kawirikawiri amakhala akunena za mtundu umenewu, pakuti ufulu woonetsa mpirawu umagulidwa ndi ndalama zambiri ndi makampani monga SuperSport. Kuonera motere n'kuphwanya malamulo a umwini wa zoulutsidwa, ndipo madikodawa amasiya kugwira ntchito loko akangosinthidwa.

Palinso chinthu china chosokoneza mabanja amene ali ndi abale ku Britain. Kumeneko kuli Freesat, imene BBC ndi ITV anayambitsa mu 2008, ndipo anthu osiya kanema wolipira amangogula dikoda yojambula ya Freesat n'kulumikiza ku dishi yakale. Zimatheka chifukwa mawailesi akuluakulu a dzikolo anagwirizana zoulutsa popanda loko. Mphamvu ya masetilaiti amene amanyamula Freesat inalunjikitsidwa ku Britain ndipo sifika kum'mwera kwa Africa, choncho dikoda yotumizidwa kuchokera ku London singaonetse matchanelo amenewo ku Chegutu.

Dikoda yakale ndi zimene inajambula

MultiChoice inatulutsa dikoda yake yoyamba yojambula mu 2005, ya zithunzi za HD mu 2008, ndipo Explora inabwera mu 2013. Madikodawa anapangidwa kuti azigwira ntchito ndi DStv basi. Malipiro akasiya, sasanduka madikoda aulere. Mapulogalamu amene anajambulidwa m'kati mwake amakhalanso ndi loko, moti sangakoperedwe pa kompyuta kapena kusamutsidwira pa dikoda ina. Banja lofuna kusiya liyambe laonera zimene linasunga.

Zimene zingagwirenso ntchito ndi dishi, chingwe, ndipo nthawi zina LNB, kachipangizo kokhala kumapeto kwa mkono wa dishi kamene kamalandira mafunde.

Kumene dishi yaloza

Masetilaiti a kanema ali pa mtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa mzere wa ikweta, ndipo amazungulira pa liwiro lofanana ndi la dziko, n'chifukwa chake amaoneka ngati aima malo amodzi. Dishi imodzi yokhala ndi LNB imodzi imaona malo amodzi okha.

Malo awiri ndiwo ofunika kwambiri m'chigawo chino. Pa madigiri 36 kum'mawa pali masetilaiti a Eutelsat amene amanyamula DStv ya mayiko monga Zambia ndi Malawi. Pa madigiri 68.5 kum'mawa pali Intelsat 20, yomwe inaponyedwa mumlengalenga mu 2012, ndi Intelsat 36 ya mu 2016. Malo achiwiriwa amanyamula DStv ya ku South Africa ndiponso matchanelo ambiri otsekula.

Kwa munthu wa ku Kadoma, setilaiti ya pa madigiri 36 ili pamwamba kwambiri, pafupifupi madigiri 67 kuchokera pansi, chakumpoto kopendekera pang'ono kum'mawa. Ya pa madigiri 68.5 ili m'munsi, pafupifupi madigiri 41, chakum'mawa kopendekera kumpoto. Ku Chegutu manambalawa sasiyana kwenikweni. Motero dishi imene yaloza pa madigiri 36 imafunika kutembenuzidwa, ndipo mtengo wa mango kapena denga la nyumba yoyandikana, zimene kale sizinkatchinga, zikhoza kutchinga tsopano. Ndalama yolipira katswiri woika madishi iwerengedwe pamodzi ndi mtengo wa dikoda.

Wofuna masetilaiti awiri amafunika madishi awiri ndi kachipangizo kosinthira ka DiSEqC, kamene madikoda ambiri a FTA amatha kukalamula. Dishi ya masentimita 90 imapirira mvula kuposa yaing'ono.

LNB, zingwe ndi matyuna

Matchanelo ambiri olandiridwa ndi madishi aang'ono amaulutsidwa pa mafunde a Ku, apakati pa 10.7 ndi 12.75 GHz. LNB wamba imagawa mafundewa m'magulu anayi, ndipo dikoda imasankha gulu potumiza mphamvu ya mavoti 13 kapena 18 m'chingwe, pamodzi ndi kaphokoso ka 22 kHz. Tanthauzo lake n'lakuti chingwe chimodzi chimanyamula gulu limodzi pa nthawi imodzi.

Apa m'pamene pagona kusiyana kwa madikoda ojambula. Tyuna ndi mbali ya dikoda imene imakoka tchanelo. Dikoda ya tyuna imodzi imajambula chimene chikuonetsedwa, kapena tchanelo china chimene chili pa funde lomwelo basi. Banja lofuna kuti ana aonere zawo uku nkhani zikujambulidwa pa tchanelo china lifunika dikoda ya matyuna awiri, LNB ya makomo awiri ndi zingwe ziwiri zolowa m'nyumba. Kugawa chingwe chimodzi pawiri sikuthandiza, chifukwa matyunawo amalimbirana gulu la mafunde.

Mabanja amene anali ndi Explora kawirikawiri anaikiridwa LNB ya mtundu wa Smart, yomwe imatumiza mafunde a matyuna angapo m'chingwe chimodzi mwa njira ya Unicable. Si dikoda iliyonse ya FTA imene imamva njira imeneyi. Ngati yatsopanoyo siimva, chingwe chisamutsidwire pa khomo wamba la LNB ngati lilipo, apo ayi igulidwe LNB wamba, imene mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi dikoda.

Zilembo za pa bokosi

Zilembo zochepa za pa bokosi zimanena zambiri. DVB-S ndi njira yakale ya m'ma 1990, ndipo DVB-S2, yomwe inavomerezedwa mu 2005, ndiyo imene matchanelo ambiri asamukirako. Dikoda ya DVB-S2 imalandira zonse ziwiri, pomwe ya DVB-S yokha imaphonya zambiri. Ichi n'chifukwa china chimene Wiztech yakale yosungidwa m'kabati singadaliridwenso.

Chachiwiri ndi njira yopanikizira zithunzi. MPEG-2 ndi yakale, MPEG-4 kapena H.264 ndi yofala, ndipo H.265 kapena HEVC ndi yatsopano. Dikoda yosadziwa H.265 ikakumana ndi tchanelo chotere imatulutsa mawu okha opanda chithunzi, kapena osatulutsa kanthu.

Chachitatu ndi DVB-T2. Imeneyi si ya setilaiti, koma ya kanema woulutsidwa kuchokera pa nsanja zapansi n'kulandiridwa ndi eriyo. Dikoda ya Kiliye Kiliye ya ku Malawi ndi ya mtundu umenewu, ndipo m'bale akaibweretsa ku Kadoma singakoke matchanelo a ku Malawi, chifukwa nsanja zake zili kutali. Madikoda ena amaphatikiza DVB-S2 ndi DVB-T2, ndipo amathandiza kokha kumene nsanja ya dijito ikugwira ntchito. Mayiko a mu Africa anagwirizana pansi pa bungwe la ITU zosiya njira yakale ya analogi pofika pa 17 Juni 2015, koma Zimbabwe sinakwanitse tsikulo.

Ndi bwinonso kuona ngati dikoda ili ndi njira yofufuza yokha matchanelo onse pa setilaiti popanda kuuzidwa manambala, yolembedwa kuti Blind Scan. Poti matchanelo otsekula amasamukasamuka, njirayi imapulumutsa ndalama zoitanira katswiri nthawi ndi nthawi. Amene wailesi yawo ya kanema ndi yakale aonetsetse kuti dikodayo ili ndi makomo a zingwe zitatu zija, chachikasu, choyera ndi chofiira, kuwonjezera pa HDMI.

Kujambula ndi malo osungira

Madikoda ambiri otsika mtengo olembedwa kuti PVR alibe chosungira m'kati. Ali ndi khomo la USB lokha, ndipo wogula amafunika kugula fulashi kapena hard disk payekha.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Tchanelo chotumiza megabiti imodzi pa sekondi chimadya mamegabaiti 450 pa ola. Tchanelo wamba cha mamegabiti 3 chimadya pafupifupi 1.35 GB pa ola, ndipo cha HD cha mamegabiti 8 chimadya 3.6 GB. Fulashi ya 32 GB ingasunge maola osapitirira 9 a HD yotere, pomwe hard disk ya 500 GB ingasunge maola pafupifupi 140.

Pali misampha itatu. Woyamba, chosungira chokonzedwa mwa njira ya FAT32 sichilola fayilo yoposa 4 GB, choncho dikoda imadula pulogalamu yaitali m'zidutswa kapena kusiya kujambula. Yodziwa NTFS ilibe vutoli. Wachiwiri, khomo la USB 2.0 limapereka mphamvu yochepa, ndipo hard disk ina imalephera kuzungulira bwino pokhapokha itakhala ndi magetsi akeake. Wachitatu, fulashi yotsika mtengo imachedwa kulemba, zithunzi n'kumadukaduka, ndipo imatha msanga ikamagwiritsidwa ntchito poimitsa pulogalamu tsiku ndi tsiku.

Chimene anthu ochoka ku DStv amachisowa kwambiri ndi ndandanda ya mapulogalamu a masiku akutsogolo, imene inkawalola kujambula sewero lonse pongodina batani limodzi. Matchanelo ambiri otsekula satumiza ndandanda yotere. Motero dikoda yabwino ndi imene imalola munthu kuika yekha nthawi yoyambira ndi yomalizira, tsiku lililonse kapena mlungu uliwonse. Wotchi ya dikoda iikidwe pa nthawi ya kuno, yomwe ili patsogolo pa GMT ndi maola 2, apo ayi idzajambula pulogalamu yolakwika.

Magetsi, mvula ndi mphenzi

Kuzima kwa magetsi ndi mdani wamkulu wa makina ojambula. M'chaka cha 2019, madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, madera ambiri a Zimbabwe ankakhala opanda magetsi mpaka maola 18 patsiku, ndipo vutoli linabweranso kumapeto kwa 2022. Magetsi akazima dikoda ili pakati pojambula, fayilo imawonongeka, ndipo nthawi zina chosungira chonse chimafuna kukonzedwanso.

Wogula afunse ngati dikoda imayaka yokha magetsi akabwera, ndiponso ngati imakumbukira nthawi zojambulira zimene inapatsidwa. Madikoda ambiri aang'ono amagwiritsa ntchito mavoti 12, zomwe zimathandiza nyumba za sola. Dikoda ya mawati 12 imakoka ampeya imodzi pa batire la mavoti 12. Komabe pakhale kachipangizo kowongolera mphamvu, chifukwa batire likamatchajidwa mphamvu yake imakwera kufika cha m'ma 14.

M'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, mvula yamphamvu imafooketsa mafunde a Ku ndipo chithunzi chimatha kwa kanthawi. Dishi yolunjikitsidwa bwino ndi mfundo za chingwe zotsekedwa kuti musalowe madzi zimachepetsa vutoli. Kukamachita ziphaliwali, ndi bwino kuzula pulagi ndi chingwe cha dishi chomwe.

Malamulo ndi laisensi

Kusiya kanema wolipira sikuchotsa udindo wa laisensi. Lamulo la Broadcasting Services Act la 2001, lomwe linakhazikitsa bungwe la Broadcasting Authority of Zimbabwe, limafuna kuti mwini wailesi ya kanema azilipira laisensi ya ZBC. Mu 2016 bwalo loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula kuti laisensiyi ndi msonkho woyenera kulipiridwa, kaya munthu amaonera ZBC kapena ayi.

Wofuna nkhani za m'dziko afufuzenso kumene matchanelo a kwawo akupezeka. Mu Novembala 2020 bungwe lija linapereka zilolezo kwa mawailesi a kanema 6 atsopano, ndipo 3Ktv ndi ZTN Prime zitayamba mu 2022 zinayambira pa DStv. Tchanelo chikhoza kukhala ndi chilolezo choulutsa kwaulere, koma osapezeka pa setilaiti imene dishi ya munthu yaloza.

M'mayiko oyandikana nawo

Funso lomweli linagwera mabanja a ku Malawi mu Ogasiti 2023, pamene MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'dzikolo chifukwa cha mkangano wa mitengo ndi bungwe la MACRA. DStv inabwereranso mu Disembala chaka chomwecho bwalo lalikulu la milandu litapereka chigamulo. Ku Zambia, kanema wa dijito wapansi ali m'manja mwa TopStar, kampani imene ZNBC ndi StarTimes ya ku China anapanga limodzi. Mu Seputembala 2025 kampani ya Canal+ ya ku France inatenga ulamuliro wa MultiChoice. Zonsezi zikusonyeza kuti eni ake, mitengo ndi matchanelo zimasintha pa zifukwa zimene woonera alibe nazo mphamvu.

Ndondomeko yogulira

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Banja liyambe lalemba matchanelo asanu kapena asanu ndi limodzi amene limaoneradi, kenako lifunse katswiri woika madishi ngati ali otsekula ndiponso setilaiti imene ali. Ngati ambiri mwa iwo ali ndi loko, dikoda yaulere sidzalowa m'malo mwa yakale, ndipo mwina n'kwabwino kungotsikira pa phukusi lotsika mtengo kapena kumalipira miyezi ya mpira yokha.

Ngati matchanelowo alipo, katswiriyo aone LNB ndi zingwe, kenako isankhidwe dikoda ya DVB-S2 ndi H.265, ya tyuna imodzi kapena awiri malinga ndi kaoneredwe ka pabanjapo. Wogulitsa aiyatse pamaso pa wogula, ajambule mphindi zingapo pa chosungira chimene chidzagwiritsidwe ntchito kunyumba, aizimitse pa soketi, n'kuiyatsanso kuti aone ngati chojambulidwacho ndi nthawi zoikidwa zija zikadalipo. Lisiti ndi chikalata cha chitsimikizo zisungidwe, pakuti ndizo umboni pansi pa lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2019.

Ndalama yoika pa dikoda yotere ikhale imene banja lingapirire kuitaya. Dikoda yosamangidwa ku kampani imodzi ili ndi ubwino wakuti tchanelo chimodzi chikatsekedwa, dishi ikhoza kutembenuzidwa n'kufufuza ena, zomwe eni madikoda a Kwesé sanathe kuchita mu 2019.